Malire a mphaka si malire a mbuye wake

Pa Mulanje Mission nyumba n'zoyandikana. Pali nyumba za anamwino ndi madokotala a chipatala cha mpingo wa CCAP, za aphunzitsi, za ogwira ntchito pa sukulu yosula anamwino ndi azamba, kenako midzi yomwe yazungulira mishoniyo. Pakati pa khomo ndi khomo nthawi zambiri pamangokhala mpanda wa maluwa, mzere wa nthochi kapena kanjira ka kumpopi. Anthu amadziwa pomwe malo awo athera. Amphaka awo ali ndi malire ena, ndipo malirewo amakambidwa usiku, ndi kulira kuja komwe mlendo angayese khanda lomwe lasiyidwa panja.

Kukacha, mphaka wina amabwera khutu litang'ambika, wina akutsimphina. Pamenepo mlandu umachoka kwa amphaka n'kupita kwa eni ake. Wina amati mphaka wa mnzakeyo ndi wolusa, winayo amati wakewo amangodziteteza, ndipo mabanja omwe amagawana moto ndi mchere amayamba kupatsana moni wa pamphuno. Komatu nkhondo ya amphaka siyamba ndi chidani. Imayamba ndi chakudya, pogona, njira ndiponso mphaka wamkazi, ndipo zonse zinayizi zili m'manja mwa anthu kuposa momwe zilili m'zikhadabo za amphakawo.

Mdzukulu wa vumbwe

Mphaka wa pakhomo ndi mbale wa vumbwe. M'chaka cha 2007 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Carlos Driscoll linasindikiza kafukufuku wa chibadwa cha amphaka, ndipo linapeza kuti amphaka onse oweta anachokera kwa mphaka wa m'tchire wa ku Middle East, wa mtundu umodzi ndi vumbwe wa mu Africa muno. Pa chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Ubwenziwu unayambira pa nkhokwe: anthu atayamba kusunga mbewu, makoswe anabwera, ndipo amphaka anatsatira makoswewo.

Chofunika pa mbiri imeneyi n'chakuti vumbwe amakhala yekha ndipo amasaka yekha. Galu anachokera kwa nyama yoyenda m'gulu, choncho ali ndi njira zambiri zogonjera mnzake ndi kupepesa. Mphaka alibe zambiri zotere. Khoswe mmodzi sakwanira awiri, ndiye chibadwa chake chimamuuza kuti mphaka wina aliyense yemwe si wa m'banja lake wabwera kudzamulanda chakudya. Amphaka aakazi a mimba imodzi amatha kukhala pamodzi, ngakhale kuyamwitsana ana, ngati chakudya chilipo chokwanira. Koma amphaka awiri akuluakulu omwe sanakulire pamodzi sayembekezeka kukondana. Chomwe angathe n'kupewana.

Ndipo kupewanako amakudziwa bwino. Mphaka akamadzikhula tsaya pa mwendo wa mpando, pa chitseko kapena pa mwendo wa munthu, amasiyapo fungo lochokera m'masaya mwake. Akamakanda mtengo wa mango amasiya zizindikiro ziwiri, chooneka ndi maso ndi cha fungo la m'mapazi. Akatembenuzira mbuyo ku khoma, mchira uli njo, n'kuwazapo timkodzo pang'ono, ndiye kuti walemba kalata. Mnzake akanunkhiza amadziwa yemwe wadutsa, ngati ndi wamphongo kapena wamkazi, ndiponso ngati wadutsa posachedwa kapena kale. Akaona kuti fungo n'latsopano amakhota. Likakhala lakale amapitirira.

Katswiri wa khalidwe la nyama wa ku Germany, Paul Leyhausen, anafotokoza kalekale kuti amphaka amagawana malo potengera nthawi. M'chaka cha 2013 wailesi ya kanema ya BBC, mogwirizana ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya Royal Veterinary College, inaveka amphaka 50 a m'mudzi wa Shamley Green ku England timakina tolondola mayendedwe. Zinaoneka kuti amphaka ena oyandikana ankayenda m'malo amodzimodzi koma mosinthana, wina akatuluka mnzake amakhala m'nyumba. Zinaonekanso kuti ena ankalowa m'nyumba za eni kukadya chakudya cha anzawo, khalidwe lomwe mayi aliyense yemwe anayanikapo usipa pa khonde angalichitire umboni popanda makina.

Choyambitsa ndewu

Ngati amphaka ali ndi dongosolo lotere, n'chifukwa chiyani amamenyana? Yankho n'lakuti dongosololi limasokonekera pakalowa chinthu chatsopano. Pa malo ngati mishoni, ogwira ntchito amasamutsidwa kawirikawiri. Banja latsopano likalowa m'nyumba ndi mphaka wake, mphakayo amapeza kuti khonde, khitchini ya panja ndi dzala, zomwe mbuye wake akuti n'zake, zili kale ndi mwini. Banja lina likamachoka limasiya mphaka, ndipo wosiyidwayo amayamba kuyendera makomo ena kufuna chakudya. Ngakhale kamphaka komwe kanali kongosewera, kakakhwima kamayamba kufuna malo akeake, ndipo wamkulu yemwe ankakalekerera amasintha mtima.

Nyengo nayo imathandizira. Chimanga chikalowa m'nyumba, makoswe amatsatira, ndipo chipinda chosungira matumba chimasanduka malo olimbirana. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Mulanje, mphaka aliyense amafuna phulusa lofunda la pa mafuwa. Dzala lomwe makomo awiri amatayamo mitu ya nsomba ndi mikute limakumanitsa amphaka omwe akanatha chaka osaonana.

Choyambitsa chachikulu, komabe, ndi amphaka aamphongo osafulidwa. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo kwa amphaka mwambiwu ndi woona kuposa kwa nkhuku. Wamphongo wosafulidwa amayenda mtunda wautali kwambiri kuposa wamkazi, amadutsa m'malo a anzake ambiri, ndipo wamkazi mmodzi akafika pa nthawi yofuna mphongo, aamuna a m'dera lonse amasonkhana pa khomo limodzi. Wamkaziyo amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5 yokha, bere limatenga masiku pafupifupi 63 mpaka 65, ndipo amatha kuswa kawiri kapena katatu pa chaka. Pakatha zaka ziwiri, mzere wa nyumba womwe unali ndi amphaka atatu umakhala ndi khamu.

Si phokoso lonse la usiku lomwe lili ndewu. Wamkazi akamaitana mphongo amalira mokoka, ndipo pokwerana amakuwa ndi kutembenukira wamphongoyo ndi zikhadabo. Ngakhale amphongo awiri akayang'anizana, ubweya utaima, makutu atagona, akulira mosinthana, nthawi zambiri zimathera pomwepo: mmodzi amatembenuka pang'onopang'ono n'kuchoka. Aliyense amadziwa kuti mphaka wovulala sangasake. Ndewu yeniyeni, yogubuduzana ndi kulumana, imatenga kanthawi kochepa chabe, koma zotsatira zake zimatenga masabata.

Bala laling'ono, vuto lalikulu

Mano a mphaka ndi osongoka ngati singano. Amaboola khungu n'kusiya tizilombo ta m'kamwa mkati, ndipo kabowo kamatsekeka msanga pamwamba. Pakapita masiku awiri mpaka anayi, pamalopo pamatupa, pamatentha, ndipo mphaka amasiya kudya n'kumabisala. Chithupsacho chikaphulika chimatulutsa mafinya onunkha. Malo a bala amauzanso mwini zomwe zinachitika: mabala a kumaso, m'khosi ndi miyendo ya kutsogolo amasonyeza mphaka yemwe anaima n'kumenya nawo, pomwe mabala a pa tsinde la mchira amasonyeza yemwe analumidwa akuthawa. Mwini yemwe akuumirira kuti wakewo ndi wofatsa angachite bwino kuyamba wayang'ana pomwe pali zipsera.

Bala la mphaka litsukidwe ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, ndipo likatupa apite naye kwa mlangizi wa ziweto. Pano pali cholakwa chimodzi chomwe chimachitika chifukwa cha chifundo: kumwetsa mphaka Panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mankhwalawa monga chimachitira cha munthu, ndipo m'bulu umodzi ungathe kumupha.

Kulumana kumafalitsanso kachilombo kotchedwa FIV, komwe akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis anakatulukira m'chaka cha 1986. Kamafooketsa chitetezo cha m'thupi la mphaka pang'onopang'ono, ndipo kamapezeka kwambiri mwa amphongo oyendayenda. Kachilomboka sikagwira munthu.

Kamene kamagwira munthu ndi ka chiwewe, ndipo apa nkhani ya amphaka awiri imasiya kukhala yoseketsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, makamaka mu Africa ndi Asia, kuphatikizapo ana ambiri. Pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, koma mphaka woyenda usiku amakumana ndi agalu osokera ndi nyama za m'tchire, ndipo akalumidwa amatha kubweretsa matendawa pa mphasa pomwe ana amagona. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, chiwewe sichichizika. N'chifukwa chake mphaka yemwe wasintha khalidwe mwadzidzidzi, wolusa popanda chifukwa, wotuluka dovu, wolira mawu achilendo kapena wofooka miyendo ya kumbuyo, asagwidwe ndi manja. Atsekeredwe pomwe ali ngati n'kotheka, ndipo a zaziweto adziwitsidwe.

Malawi wachitapo kanthu pa matendawa. Bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2015, ndipo pa masiku 20 okha linabaya katemera agalu oposa 35,000. Chaka chilichonse pa 28 September dziko limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, tsiku lomwe anamwalira Louis Pasteur, yemwe katemera wake wa matendawa anabayidwa kwa munthu koyamba m'chaka cha 1885. Koma pa mizere ya katemera pamaoneka agalu ambiri. Amphaka amatsala kunyumba chifukwa n'ngovuta kunyamula. Vutoli n'losavuta kuthetsa. Mphaka amayenda bwino m'dengu lotseka kapena m'katoni yoboola timabowo ta mpweya, ndipo angathe kubayidwa kuyambira ali ndi miyezi 3.

Munthu wolumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi mphaka wake yemwe, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite ku chipatala tsiku lomwelo, kaya cha mishoni kaya cha boma ku Mulanje. Asadikire kuti aone ngati patupe. Bala la mano a mphaka, makamaka pa dzanja, limatukusira msanga ngakhale mphakayo alibe chiwewe. Mphaka yemwe waluma asaphedwe mwaphuma. A zaziweto amafuna kumuyang'anira kwa masiku 10, ndipo khadi lake la katemera limathandiza achipatala kudziwa chochita.

Ambiri olumidwa amalumidwa poleretsa. Mphaka ali pa ndewu sazindikira dzanja la mbuye wake, ndipo ngakhale ndewu itatha, mkwiyo umamukhalira kwa maola angapo, moti amatha kuluma aliyense womukhudza. Poleretsa pakwanira kuomba m'manja, kugogoda chidebe kapena kuwakapiza madzi. Akakana kusiyana, pakati pawo paikidwe lichero kapena thabwa. Ana auzidwe zimenezi momveka bwino, popeza ndiwo amathamangira kukapulumutsa pusi wawo.

Zomwe zimathandiza

Chinthu choyamba n'kuchotsa chomwe akulimbirana. Mbale ya mphaka ikamakhala pa khonde tsiku lonse ndi nsima yosakaniza ndi matemba, imakhala ikuitana alendo. Mphaka adyere m'nyumba pa nthawi yodziwika, m'mawa ndi madzulo, ndipo zotsala zichotsedwe. Dzala likwiriridwe. Ndipo pasakhale wodyetsa mphaka wa mnzake, ngakhale atalira momvetsa chisoni chotani; yemwe wadya pa khomo kawiri amaliyesa lake ndipo amayamba kuthamangitsa mwini khomo.

Chachiwiri ndi nthawi. Amphaka amayenda kwambiri chisisira ndi mbandakucha, ndipo ndewu zambiri zimachitika pakati pa nthawi ziwirizi. Mphaka yemwe wazolowera kulandira chakudya dzuwa likamalowa amabwera yekha, ndipo chitseko chikatsekedwa amagona m'nyumba. Amafunika beseni lakale la mchenga pa kona, lomwe lizitayidwa tsiku ndi tsiku. Ena amadandaula kuti mphaka wotsekeredwa sangagwire makoswe, koma makoswe omwe amaboola matumba a chimanga ali m'nyumba momwemo, osati m'munda wa tiyi. Makomo awiri angathenso kupangana: wa uku azituluka m'mawa, wa uko madzulo. Kumeneku n'kungothandiza amphakawo kuchita zomwe chibadwa chawo chimafuna kale.

Mlendo wolowerera atsekeredwe njira. Zenera la kukhitchini lomwe galasi linasweka, mpata wa pansi pa denga ndi chibowo cha pa chitseko ndizo zipata zake. Mphaka yemwe mdani amamulowera mpaka pogona amayamba kukodza m'nyumba, pa makatani kapena pa matumba, osati chifukwa cha mwano koma pofuna kulimbitsa fungo lake pomwe akuona kuti palowa wina. Kumumenya kumangowonjezera mantha omwe ayambitsa khalidwelo. Pomwe pawazidwa mkodzo patsukidwe bwino ndi sopo wa ufa, chifukwa fungo likatsala amabwerezapo. Mlendoyo akapezeka pa khonde, kapu ya madzi imakwanira. Ikabwerezedwa masiku angapo amaphunzira kuti khomolo silabwino, ndipo sipakhala bala loti eni ake akaonetse kwa mfumu.

Chachitatu, chomwe chimathetsa zambiri, n'kufula. M'chaka cha 1973 Benjamin Hart ndi mnzake, a ku yunivesite ya California ku Davis, anatsatira amphaka aamphongo omwe anafulidwa atakula kale, ndipo anapeza kuti mwa amphaka pafupifupi 9 pa 10 aliwonse, ndewu, kuyendayenda ndi kuwaza mkodzo zinachepa kwambiri, ena mwamsanga, ena pang'onopang'ono. Wamkazi akatsekedwa kubereka sakokanso aamuna a m'dera lonse. Mphekesera yakuti mphaka wofulidwa amachita ulesi pa makoswe ilibe maziko: chilakolako chosaka n'chosiyana ndi chofuna mkazi, ndipo wofulidwayo amakhalitsa pakhomo pomwe pali ntchito yake. Ntchitoyi ndi ya dokotala wa ziweto, yochitika mphaka atagonekedwa ndi mankhwala, osati ya lumo ndi thumba kuseri kwa nyumba. Ofesi ya zaziweto ya boma ku Mulanje ndiyo poyambira kufunsa, ndipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli mabungwe osamalira nyama a BSPCA ndi LSPCA omwe amagwira ntchito yotereyi. Chovuta chake n'chakuti kufula mphaka mmodzi mwa awiri kumangothetsa theka la vuto. Apa m'pomwe mwini mphaka sangachitire mwina koma kugogoda pa khomo la mnzake.

Pakati pa anthu

Nkhani ya chiweto imapsetsa mtima msanga chifukwa mwini amamva ngati akunenedwa ndi iyeyo. Woyamba ndi mawu akuti mphaka wanu akuvutitsa wanga wataya kale mlandu. Kumayenda bwino pamene wodandaula wapita masana, mitima ili pansi, n'kuyamba ndi zomwe zikukhudza makomo onse awiri: "Amayi, amphaka athuwa akutisowetsa tulo tonse. Wathuyu tinamubayitsa chaka chino, kaya wanuyo? Ndikuopera anawa." Funso la katemera ndi lomwe kholo lililonse limalimva, ndipo likayankhidwa, nkhani ya nthawi yotsekera ndi ya kufula imatsatira mosavuta. Makomo awiri angathe kusonkherana ya ulendo n'kutengera amphaka onse kwa dokotala tsiku limodzi.

Dandaulo lenileni nthawi zina silikhala la ndewu ya amphaka koma la anapiye. Ngati mphaka wagwidwa ali ndi mwanapiye kukamwa, mwini wake abweze popanda kukangana. Mtengo wa mwanapiye ndi wochepa poyerekeza ndi chaka chosalankhulana. Koma mphaka amasenzanso milandu ya kabawi ndi likongwe, omwe saoneka pakhomo m'mawa kuti afunsidwe. Anapiye ovundikiridwa ndi dengu masabata oyamba amapulumuka kwa onsewa.

Njira ziwiri zomwe anthu amathamangira ndizo zoipitsitsa. Yoyamba ndi tameki wothira m'nsomba. Poizoni sasankha: nyamboyo imadyedwa ndi galu, nkhuku, mphaka wa wotcherayo, ndipo pa khomo la ana okwawa ingathe kubweretsa maliro. Lamulo la dziko lino loteteza nyama, la Protection of Animals Act, limaletsa kuchitira nyama nkhanza, kuphatikizapo kuipatsa poizoni mwadala. Yachiwiri n'kuika mphaka m'thumba n'kukamutaya kutali. Wotayidwayo amafa ndi njala kapena amasanduka wosokera wopanda katemera pa mudzi wa ena, ndipo malo omwe wasiya sakhalitsa opanda mwini. Chakudya ndi pogona zikadalipo, pakapita masabata ochepa pamabwera wina, ndipo ndewu ya malire imayambiranso pachiyambi.

Pali mbali inanso yomwe anthu sakonda kuitchula masana. Mphaka wachilendo, makamaka wakuda, akamalira pa denga usiku, ena amati watumidwa. Mawu otere akangotuluka, nkhani ya ziweto imasanduka yoloza munthu chala, ndipo wolozedwayo nthawi zambiri amakhala gogo wokhala yekha yemwe mphaka ndiye mnzake. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mphaka wa pa dengayo watumidwa ndi fungo la wamkazi wa m'nyumbamo kapena la makoswe a m'siling'i, ndipo zikachotsedwa zimenezi sabweranso.

Zikakanika pa awiri, mkulu wa mpingo, woyang'anira nyumba za ogwira ntchito kapena nyakwawa angathe kukhala pakati, ndipo n'kwanzeru kuitananso mlangizi wa ziweto, chifukwa mawu akuti mphaka afulidwe amamveka bwino akachokera kwa iye kusiyana ndi kwa mdani wa dzulo.

Kusintha sikuoneka tsiku limodzi. Wamphongo wofulidwa amatha kupitiriza khalidwe lake lakale kwa masabata angapo, ndipo mphaka wobwera kumene amafunika kukhala m'nyumba masabata awiri kapena atatu asanatulutsidwe, kuti ayambe wadziwa kwawo. Eni ake asayembekezere kudzaona awiriwo akunyambitana. Akadzapezeka wina ali pa khoma, wina pansi pa mtengo wa mapeyala, atatalikirana mamita angapo, aliyense akuyang'ana kumbali ngati mnzakeyo kulibe, ndiye kuti malire agwirizanidwa.